Filimu inatha kalekale, nanga mantha atsaliranji mwa mwana?

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi ku Rosettenville, tinausa pakhonde kudikira kuti mvula ikate. Pamenepo mayi wina wa ku Mulanje, amene amagwira ntchito ya m'nyumba, anatiululira nkhawa yake. Mwana wake wamwamuna wa zaka 6 watha milungu itatu akukana kupita yekha kuchimbudzi cha panja, ngakhale masana dzuwa lili paliwombo. Usiku akumadzidzimuka n'kuyamba kukuwa, ndipo wayambiranso kukodza pogona, zomwe anasiya kalekale. Zonsezi zinayamba Loweruka lina mayiyo atapita kuntchito n'kumusiya mwanayo kwa aneba, kumene anyamata ankaonera filimu ya chidole chopha anthu.

Aliyense anali ndi yankho lake. Bambo wina anati, "Mukumusasatitsa mwanayo, mayi. Mwamuna sachita mantha. Mutsekereni panja kamodzi muone." Agogo ena anati apite naye kwa abusa akamupempherere, poti zoipa zimatha kulowa m'nyumba kudzera pa kanema. Mtsikana wina anati, "Ingomuuzani kuti n'zabodza, anti." Mayiyo anapukusa mutu. "Ndamuuza kambirimbiri, mwanawe. Amavomera, koma kukangoda ayambiranso."

Za mapemphero ndi chikhulupiriro sindiweruzapo, banja lililonse lili ndi pamene laima. Ine ndikufuna kufotokoza zimene akatswiri a kaganizidwe ka ana anapeza pa nkhaniyi, makamaka poganizira mwezi wa Okutobala pamene masitolo akuluakulu a muno mu Johannesburg amakoleka zigaza zapulasitiki ndi zigoba zovala kumaso za Halloween, chikondwerero chimene anthu amavala zoopsa, ndipo mafilimu oopsa amachuluka pa TV ndi pa intaneti.

## Kudzidzimuka n'kwina, mantha otsalira n'kwina

Aliyense amadzidzimuka chinthu chikatulukira mwadzidzidzi pa kanema. Mtima umagunda, thupi limachita tsembwe, filimu ikatha mumaseka n'kukagona. Ambiri amaonera mafilimu oterewa pofuna zomwezo. Vuto ndi pamene mantha akana kutha ndi filimuyo, n'kumutsatira munthu kuchipinda, kusukulu, mpaka kuukulu.

Joanne Cantor wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi. Mu 1999, iye ndi mnzake Kristen Harrison anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira a m'mayunivesite pafupifupi 150. Mwa ophunzira 10 alionse, 9 anali ndi filimu kapena pulogalamu imene inawaopsa kwambiri ali ana kapena achinyamata. Opitirira theka anati pambuyo pake anavutika kugona kapena kudya. Ndipo mmodzi mwa anayi alionse anati manthawo anali asanathe pa tsiku limene ankafunsidwalo, ali akuluakulu ndithu.

Filimu imene imatchulidwa kawirikawiri m'kafukufuku wotere ndi Jaws ya 1975, yonena za shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere. Ena amene anaionera ali ana anakula akuopa kusambira ngakhale m'madzi mmene shaki sangapezeke, akudziwa bwinobwino kuti mulibe kanthu. Ku Britain, usiku wa pa 31 Okutobala 1992, BBC inaonetsa sewero la mizukwa lotchedwa Ghostwatch, lokonzedwa ngati nkhani yochitika pompopompo, ndi aulutsi enieni amene anthu ankawadziwa. Mu 1994 madokotala analemba m'magazini ya British Medical Journal za anyamata awiri a zaka 10 amene sewerolo linawasiya ndi zizindikiro zonga za munthu wopulumuka pa ngozi yaikulu. Eni dziko kuno nawonso ali ndi zawo: mukamacheza ndi anzanu amene anakula m'zaka za m'ma 1980, tchulani Lesilo Rula, sewero loopsa la Chitswana la pa SABC, wayilesi ya kanema ya dziko la South Africa, muone mmene nkhope zisinthire.

Choncho mwana wa mayi uja si woyamba, ndipo si wopepera.

## Mlonda wa m'mutu amene safunsa kaye

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono ngati mtedza, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, kotchedwa amygdala. Ntchito yake ndi ulonda. Achimwene athu amene amalondera m'mageti a ku Sandton akudziwa: ukamva gobede kumpanda pakati pa usiku, umaliza kaye alamu, kufufuza kumabwera pambuyo. Amygdala nayo imatero. Mukuchokera kumunda chamadzulo, mwaona chinthu chopindika panjira, ndipo mwalumpha kale musanazindikire kuti ndi luzi. Joseph LeDoux wa ku New York University, pofufuza ubongo wa makoswe, anaonetsa kuti uthenga wa ngozi uli ndi njira yachidule yofikira kwa mlondayu usanadutse kumene umaunikidwa bwino.

Mbali ya ubongo imene imaunika n'kunena kuti "khala pansi, ndi luzi chabe" ili kutsogolo, kuseri kwa chipumi. Imeneyi imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwa mwana wa zaka 6, mlonda ali kale maso ndi mphamvu zake zonse, koma bwana womuuza kuti azimitse alamu akadali wakhanda.

Alamu ikalira, thupi limatulutsa mahomoni, timadzi tonyamula uthenga m'magazi, monga adrenaline ndi cortisol. Timadziti timathamangitsa mtima kuti munthu athe kuthawa, komanso timachititsa kuti chimene chachitikacho chisungike mozama m'mutu. N'chifukwa chake simukumbukira ndiwo zimene munadya tsiku limenelo, koma nkhope ija ya pa kanema mukuikumbukira mpaka mano ake. Pa ngozi yeniyeni zimenezi n'zopulumutsa: amene anaphonyedwa ndi ng'ona ku Shire sayenera kuiwala dooko limenelo. Tsoka lake, mlondayu sasiyanitsa bwino ng'ona ya mumtsinje ndi ya pagalasi.

Manthawo sakhalanso pamalo amodzi, amayanga ngati dzungu. Mu 1920, John Watson ndi Rosalie Rayner a pa yunivesite ya Johns Hopkins ankaonetsa khanda lina khoswe woyera, kwinaku akumenya chitsulo kumbuyo kwake kuti lidzidzimuke. Posakhalitsa khandalo linayamba kulira likangoona khosweyo, kenaka linayambanso kuopa kalulu ndi chovala chaubweya. Kafukufuku wotere lero sangaloledwe, ndipo mpake, koma anaonetsa chimene makolo amachiona: mwana woopsedwa ndi chidole cha mufilimu amayamba kuopa zidole zonse, mdima umene chidolecho chinatulukiramo, ndi chitseko chotseguka pang'ono.

Opanga mafilimu amazidziwa bwino zimenezi, ndiyo ntchito yawo. Amatsitsa nyimbo, kumati zii, kenaka phokoso. Choopsacho amachiika dala pa zinthu za tsiku ndi tsiku: kunsi kwa bedi, pakalilole, m'bafa. Mkango wa mufilimu mwana sangakumane nawo ku Turffontein, koma bedi amagonapo usiku uliwonse.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amafika nawo kuukulu? Chachikulu ndi kupewa. Mwana akakana kupita kuchimbudzi n'kupatsidwa chitini, mtima umakhala pansi, ndipo mlonda uja amaphunzira kuti kuthawako ndi kumene kwamupulumutsa. Sapeza mpata woona kuti kunalibe kanthu. Munthu akhoza kutha zaka 30 akulambalala chinthu chomwecho, manthawo ali chikhalire ngati mbewu yosungidwa mu chigubu.

## Chimene chimaopsa chimasintha ndi msinkhu

Apa ndi pamene makolo ambiri timaphonya, chifukwa timayeza ndi mtima wathu wachikulire.

Mwana wosakwana zaka 7 amaopa maonekedwe. Nkhani yake saitsatira kwenikweni, amaona nkhope. Cantor ndi Glenn Sparks anaonetsa ana sewero la pa TV la The Incredible Hulk, mmene munthu wabwino amasanduka chimphona chobiriwira kuti apulumutse anthu. Ana okulirapo ankachita mantha poyamba, munthu ali pa ngozi, ndipo chimphona chikatulukira mtima unkakhala pansi poti mpulumutsi wafika. Ana aang'ono zinali zosiyana: iwo ankaopa kwambiri chimphonacho chikatulukira. Kwa iwo chinthu choipa nkhope ndi choipa basi, ndipo munthu kusanduka chinthu china ndi nkhani yoopsa zedi. N'chifukwa chake katuni imene inu mukuiona ngati yoseketsa ikhoza kumusowetsa tulo mwana wa ku kireshi.

Kuyambira zaka 8 mpaka 12 zinthu zimatembenuka. Mwana wayamba kusiyanitsa zotheka ndi zosatheka, ndiye zimphona zimachepa mphamvu. Tsopano amaopa zimene zingachitikedi: moto, mfuti, akuba, kubedwa, imfa ya mayi. Pa msinkhu umenewu nkhani za pa TV ndi mavidiyo a pa WhatsApp zimaopsa kuposa filimu ya mizukwa.

Ife a ku Joni mfundo imeneyi itikhudze kwambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre ndi ku Mulanje, mafoni athu anadzaza ndi mavidiyo a matope a ku Chilobwe, ndipo tinkawaonera mobwerezabwereza kufunafuna nkhope za abale, ana ali pamapewa pathu. Pa 31 Ogasiti chaka chomwecho nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Mwana wa zaka 10 amene amagona m'fulati ya mutauni, ndipo waona zithunzi zimenezo, simungamuuze kuti n'zabodza. Akudziwa kuti nayenso amatsika pa masitepe amodzi okha. Mwana wamng'ono kwambiri, naye, akaona vidiyo yomweyo kasanu akhoza kuganiza kuti nyumba zapsa zisanu.

## "N'zabodza" samva, ndipo kwathu mawuwa ali ndi vuto lina

Malangizo a mtsikana uja si olakwika, koma ali ndi msinkhu wake. Cantor ndi Barbara Wilson anapeza kuti kukumbutsa mwana kuti zimene akuona si zenizeni kumathandiza ana a zaka 9 mpaka 11, koma kwa ana a msinkhu wa ku kireshi sikusintha kanthu. Pa kafukufuku wina, asanaonetse ana gawo la filimu la dzenje lodzaza njoka, anawauza kuti njoka zambiri zilibe ululu. Ana aang'ono ena mantha anangowonjezeka: mawu amene anatola ndi "njoka" ndi "ululu", enawo anawadutsa. Mwana wamng'ono amatonthola ndi thupi, osati ndi mfundo: kumunyamula, kumufunditsa, kumupatsa madzi, kuyatsa nyali, kukhala naye pafupi.

Koma pali china chimene kafukufuku wa ku America sangatiuze, chifukwa ndi chathuchathu. Ine ndinakulira ku Bangwe. TV ya dziko lathu inayamba mu 1999 ndipo nyumba zambiri zinalibe, choncho tinkaonera ku vidiyo shoo: kachisakasa kotchingidwa ndi ziguduli, mabenchi a matabwa, sipikala panja yoitanira anthu. Pakhomo ankaona ndalama, zaka sankafunsa. Ndili ndi zaka 9 ndinaonerako filimu ya ku Nigeria ya mkazi wokongola amene ankasanduka njoka. Nditafika kunyumba ndinafunsa azakhali anga amene ankasenda mbatata pakhomo, "Zakhali, kodi zimachitikadi?" Iwo osadzutsa ndi mutu womwe anati, "Ee, zimachitika mwanawe. Usamalandire chakudya kwa anthu osawadziwa."

Azakhali ankanditeteza m'njira imene ankaidziwa, ndipo sindiwaimba mlandu. Koma yankho limenelo linachotsa filimuyo pagalasi n'kuiika m'mudzi. Pafupi ndi sukulu yathu panali mayi wogulitsa zitumbuwa, wamaso akuluakulu ngati a mkazi wa mufilimuyo. Kwa zaka ziwiri ndinkazungulira njira yaitali kuti ndisamudutse. Tsiku lina anandiitana kuti andipatse chitumbuwa chaulere, ine n'kuthawa. Ndimakumbukirabe mmene anatsalira dzanja lili m'mwamba, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa mayiyo sanandilakwire kanthu.

Filimu ya shaki mwana akafunsa, akuluakulu onse amagwirizana kuti m'bafa mulibe shaki. Filimu ya ufiti ndi ina: m'nyumba imodzi bambo akhoza kunena kuti kulibe, mayi n'kunena kuti uliko, ndipo mwana amamva onse. Kaya inu mumakhulupirira ziti, funso la mwana pansi pake ndi lakuti, "Kodi ine ndili pa ngozi usiku uno?" Limenelo lingayankhidwe popanda kutsutsa chikhulupiriro cha aliyense. Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi mafilimu oonetsa ana akutengedwa usiku kukaphunzitsidwa ufiti. Mwana akalota zimene waonera, n'kuzifotokoza m'mawa, akuluakulu ena amazitenga ngati umboni, ndipo chala chimaloza agogo ena kapena mwana yemweyo. Lamulo la ku Malawi la 1911 ndi la ku South Africa la 1957 onse amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Wina anganene kuti ife tinakula ndi nthano zoopsa, za afisi ndi zimphona zomeza anthu, ndipo tinakula bwinobwino. Zoona. Koma taganizirani mmene nthano inkakambidwira. Agogo akati "Padangokhala", ife "Tili tonse", tinalidi tonse, pamoto, mwendo kukhudza mwendo. Agogo ankaona nkhope zathu, akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera ankafewetsa mawu kapena kuyambitsa nyimbo. Chimphonacho aliyense ankachijambula m'mutu mwake molingana ndi mphamvu zake. Kanema saona nkhope ya mwana. Amakupatsa chithunzi chathunthu, chopangidwa ndi akatswiri kuti chiopse munthu wamkulu, ndipo sabweza mawu.

## Manambala ndi zilembo za pakona ya kanema

Kuno kuli bungwe la boma lotchedwa Film and Publication Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, limene limaunika mafilimu ndi magemu n'kuikapo msinkhu. A ndi ya aliyense. PG ndiye kuti kholo liunike ndi kutsogolera. 7-9PG ikutanthauza kuti si ya mwana wosakwana zaka 7, ndipo wa zaka 7 mpaka 9 aonere ndi munthu wamkulu. 10-12PG ndi chimodzimodzi pa msinkhu umenewo. Kenaka pali 13, 16 ndi 18. Zilembo zotsatira nambala zimanena chifukwa chake: V ndi zachiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi maliseche, ndipo H ndi zoopsa. Pa nkhani yathuyi, H ndi V ndizo zoyang'anitsitsa.

Mawayilesi a kanema alinso ndi nthawi imene amaitcha watershed, malire a nthawi imene zinthu za akuluakulu zingayambe kuonetsedwa. Pa matchanelo aulere monga SABC ndi e.tv imayamba 9 koloko usiku, pa olipira monga a DStv imayamba 8 koloko, ndipo imatha 5 koloko m'mawa. Wodandaula amapita ku Broadcasting Complaints Commission of South Africa.

Malamulowa anapangidwa poganiza kuti nthawi imeneyo mwana ali kuchipinda chake. Ambiri a ife ku Yeoville, ku Mayfair kapena ku Diepsloot tili m'chipinda chimodzi cha lendi, pabalaza ndi pogona pagawidwa ndi katani. Bambo abwera 9 koloko atatopa, ayatsa TV kuti apumule, ndipo mwana amene mukuti wagona akumva kukuwa konse kuseri kwa nsaluyo. Phokoso lopanda chithunzi nthawi zina limaopsa kuposa, poti zotsalazo mwana amadzimalizira yekha. Ndiye pali foni, imene ilibe watershed. Vidiyo ya pa WhatsApp kapena TikTok imafika nthawi iliyonse, ndipo filimu yokopedwa pa memori khadi ilibe nambala pakona. Sindikunena izi poloza chala makolo. Mayi amene akugwira ntchito Loweruka alibe kwina komusiya mwana koposa kwa aneba. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kupempha aneba kuti filimu ya 16 idikire ana atuluke si mwano.

## Mwana akaopsedwa kale

Kumutsekera panja, monga ananenera bambo uja, kuli ndi kachoonadi kamodzi: mantha amathadi munthu akakumana ndi chimene akuopa. Koma akatswiri ochiza mantha amachita zimenezi pang'onopang'ono, mwanayo atavomera, ali ndi munthu amene amamukhulupirira. Kumuponya mumdima yekha kumangopatsa mlonda uja umboni watsopano kuti kunjako n'koopsadi. Kumuseka kapena kumuopseza kuti "ukapanda kugona chikubwerera" kumamuphunzitsa kubisa, ndipo mantha obisika ndi amene amakalamba ndi munthu.

Mulekeni afotokoze kapena ajambule chimene anaona. Wokulirapo muonetseni mmene mafilimu amapangidwira, kuti magaziwo ndi utoto ndipo wosewerayo ali moyo. Woopa moto kapena akuba musamunamize kuti sizichitika. Muonetseni potulukira, loko wa pachitseko, ndi nambala yoimba. Magetsi akamazimazima, katochi kakang'ono pansi pa pilo kamachita zambiri.

Chinthu chimodzi ndikupempha musachidumphe. Mwana akayamba mwadzidzidzi kukodza pogona kapena kukana malo ena, musafulumire kunena kuti ndi filimu basi. Akhoza kukhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, kapena pali munthu amene anamuchita choipa kumeneko. Mufunseni mofatsa muli awiri. Zikapitirira mwezi, kapena akasiya kudya, kusewera ndi kupita kusukulu, pitani naye kukiliniki. Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana pa mavuto, kuno ndi 116, ndipo ndi yaulere.

Lachitatu usiku mayi wa ku Mulanje uja ananditumizira uthenga wa mawu. Kukiliniki anapita, mkodzo anauyeza, ulibe vuto. Anamugulira mwanayo tochi ya buluu kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Lolemba anapita naye mpaka m'chimbudzi atamugwira dzanja. Lachiwiri anaima pachitseko. Lachitatulo anaima pakati pa bwalo, pafupi ndi chingwe choyanikira, akuwerenga mokweza kuti mwanayo azimva mawu ake. Anafika pa 40, mwanayo n'kutuluka akuthamanga, tochi ili m'manja. Usiku akudzukabe, koma dzulo lake pogona panali pouma.